Anyamata akwathu ku Nkhotakota muli ku Joni, musadziphe ndi nthano za mabiliyoneya

Abale anga, mavidiyo mukutumiziranawa, akuti munthu wolemera amagona maola anayi okha, alekeni. Jeff Bezos anayambiradi Amazon m'galaja, koma mu 1995 makolo ake anathiramo pafupifupi madola 250,000. Mayi ake a Bill Gates ankakhala m'bodi imodzi ndi mkulu wa IBM, kampani yaikulu ya makompyuta. Iwe wachoka ku Dwangwa ndi ngongole ya thiransipoti, ukuti ufanane nawo pongosiya tulo?

Nthanozi zimapindulira amene akukudyera masuku pamutu. Ine anandipezera ntchito m'bekale ndi ajenti, Mmalawi mnzathu wopemphera naye. Malipiro ankadzera m'manja mwake. Ndinkalowa kusanache, kutuluka usiku mapazi atatupa, nsapato osavulika, Lamulungu lomwe. Nditafunsa za ovataimu anandiseka: “Achimwene, mwabwera kudzagona? Motsepe ankawerenga maola?” Chonsecho Patrice Motsepe, biliyoneya wa ku South Africa, anali loya asanalowe m'migodi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi pasipoti. Ajenti uja anaitenga ati akadinditse kuti masiku 30 amene Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa asathe. Ndikaifunsa, mawa. Ndikaumirira, ati kaya upite kupolisi tione amene athere ku Lindela, kosungirako olowa m'dziko popanda chilolezo asanawabweze kwawo. Inabwera ilibe chidindo, ndipo pa Beitbridge anandiletsa kulowanso zaka zisanu. Iye akadali komweko, akutenga ana ena kuchokera kunyanja kuno.

Ndiye mverani. Pasipoti usapatse munthu, kaya ndi mlamu wako. Malipiro alowe kwa iwe mwini, osati kwa okupezera ntchito. Lamulo la ku South Africa limati sabata ya ntchito ndi maola 45, ovataimu isapitirire maola 10 pasabata, ndipo ola lililonse loonjezera alipire limodzi ndi theka. Lemba maola ako m'kope tsiku ndi tsiku, jambulanso ma payslip. Akakuchotsa, pita ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a ogwira ntchito, pasanathe masiku 30. Amamva mlandu ngakhale mapepala ako ali osalongosoka. Ndalama tumiza pa Mukuru, osati kwa kondakitala wa basi.

Ndipo inu a kumudzi, lekani kuimbira mwana foni yomufanizira ndi mnzake amene wamanga ya malata ku Salima. Simudziwa kuti msana wake uli bwanji. Mwana akanena kuti mwezi uno palibe, mukhulupirireni, asakatenge shifiti yachiwiri chifukwa cha manyazi.