Kuzindikira udindo wa dokotala wa usilikali wa ku Germany kapena Austria m'zolemba zakale

Mphunzitsi wa mbiri yakale ku Kasungu kapena ku Mchinji, ngakhalenso wa zaumoyo amene akufufuza za kaodzera m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, sachedwa kukumana ndi mayina a madokotala achijeremani. Dera limene lero ndi Tanzania linali m'manja mwa Ajeremani, asilikali awo a Schutztruppe anamenyana ndi a King's African Rifles ku Karonga pa 9 Seputembala 1914, ndipo ambiri mwa amene ankafufuza za kaodzera m'dera la Ajeremanilo anali madokotala a usilikali. Mmodzi ndi Friedrich Karl Kleine, yemwe mu 1909 anasonyeza kuti kachilombo ka nthendayi kamayamba kakhwima m'thupi mwa kashembe isanayambe kupatsira anthu. Patsogolo pa mayina otere pamakhala mawu ngati Assistenzarzt, Oberarzt kapena Stabsarzt. Amenewa ndi maudindo a usilikali, ndipo mukawamva molakwa mumupatsa munthu mpando umene sanakhalepo.

Musanayang'ane udindo, dziwani kaye gulu la nkhondo ndi chaka. Chikalata chokhala ndi zilembo k.u.k. ndi cha Austria-Hungary, ufumu umene unalipo kuyambira 1867 mpaka 1918. Chotchula Schutztruppe, Prussia kapena Bavaria ndi cha Germany ya mfumu Kaiser, ndipo chotchula Wehrmacht ndi cha pakati pa 1935 ndi 1945. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa mawu ake ndi amodzimodzi koma kulemera kwake n'kosiyana.

Ku Germany makwerero a m'munsi ankayenda motere. Assistenzarzt anali ofisala wotsikitsitsa pakati pa madokotala, wofanana ndi Leutnant, kwathu kuno sekondi lefutenanti. Pamwamba pake panali Oberarzt, wofanana ndi lefutenanti, kenako Stabsarzt, yemwe anali kaputeni, ndi Oberstabsarzt, yemwe anali meja. M'zikalata zakale kwambiri, za zaka za m'ma 1870 ndi 1880, mupeza Assistenzarzt wa magulu awiri, II. Klasse ndi I. Klasse. Wa II. Klasse ndiye wamng'ono, ndipo wa I. Klasse ndi amene pambuyo pake anadzatchedwa Oberarzt. Kwa asilikali a pamadzi, udindo wa lefutenanti unkatchedwa Marineoberassistenzarzt.

Ku Austria-Hungary masitepe awiri oyamba anali omwewo, koma dokotala wofanana ndi kaputeni ankatchedwa Regimentsarzt, ndipo Stabsarzt anali meja. Choncho Stabsarzt wa ku Vienna ankaposa Stabsarzt wa ku Berlin ndi sitepe imodzi yathunthu.

Msampha waukulu kwa wowerenga wa ku Malawi uli pa Assistenzarzt. Kuno tinazolowera medical assistant wa pa chipatala chaching'ono, ndipo diso likangoona chiyambi cha liwuli limathamangira komweko. Si choncho ayi. Assistenzarzt anali dokotala amene anamaliza maphunziro a ku yunivesite n'kulandira chilolezo cha boma chotchedwa Approbation. Ambiri a ntchito yokhazikika ankachokera ku sukulu ya madokotala a usilikali ku Berlin, imene inakhazikitsidwa mu 1795 pa dzina la Pépinière ndipo kuyambira 1895 inkatchedwa Kaiser-Wilhelms-Akademie. Kuchepa kwake kunali pa udindo wa usilikali ndi pa zaka za ntchito, osati pa maphunziro. Ku Prussia madokotala anakhala ndi gulu lawolawo la maofisala kuyambira 1873. Amene anali asanafike pa uofisala ndi Unterarzt, dokotala woyembekezera kukwezedwa, pamodzi ndi Feldunterarzt, yemwe m'nthawi ya nkhondo kawirikawiri anali wophunzira udokotala wotengedwa asanamalize. Amene ankamanga mabala ndi kunyamula ovulala anali ena, monga Sanitätsunteroffizier ndi Krankenträger.

Palinso msampha wa mbali inayo. M'zipatala za ku Germany lero mawu awiriwa akugwirabe ntchito, koma alibe chochita ndi usilikali: Assistenzarzt ndi dokotala amene akuphunzira ukatswiri, pamene Oberarzt ndi katswiri wamkulu woyang'anira anzake. Makina omasulira mawu a pa intaneti amatsata tanthauzo la lerolo, mwakuti lefutenanti wachinyamata wa mu 1912 amasanduka dokotala wamkulu wa chipatala. Asilikali a Germany a masiku ano, a Bundeswehr, sagwiritsa ntchito maudindo awiriwa. Dokotala wolandira chilolezo amayambira pa Stabsarzt.

Yang'anitsitsaninso zilembo zotsatira udindo, chifukwa zimanena zambiri. Zilembo d.R. zimaimira der Reserve, munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali ya anthu wamba koma ankaitanidwa nkhondo ikayamba. Za d.L. zimaimira der Landwehr, gulu la osungidwa okulirapo msinkhu, ndipo a.D. ndi wopuma pa ntchito. Regierungsarzt, yemwe amapezeka kwambiri m'malipoti a atsamunda, sanali udindo wa usilikali. Anali dokotala wa boma. Liwu likathera ndi veterinär, ameneyo ndi wa ziweto, ndipo likathera ndi apotheker ndi wosunga ndi kukonza mankhwala.

Mabuku ambiri a nthawiyo anasindikizidwa m'zilembo za Fraktur, m'mene s wina ndi wamtali ndipo amaoneka ngati f. Kompyuta ikawerenga tsamba lojambulidwa imatulutsa Affiftenzarzt. Pofufuza m'chikalata chachikulu, lembani tenzarzt yekha kapena dzina la munthuyo, ndipo yesaninso zidule monga Ass.-Arzt.

Ngati muli ndi chithunzi, kulitsani paphewa. Dokotala wa ku Germany ankavala kachizindikiro ka ndodo yokulungidwa ndi njoka pa kansalu ka paphewa, ndipo pa yunifolomu ya Wehrmacht nsalu ya pansi pake inali yabuluu. Kenako werengani nyenyezi, koma iwalani kawerengedwe ka asilikali athu, kamene sekondi lefutenanti amavala imodzi, lefutenanti ziwiri, kaputeni zitatu. Ajeremani ankayambira popanda kanthu: Assistenzarzt analibe nyenyezi, Oberarzt anali ndi imodzi, Stabsarzt ziwiri. Kuyambira pa Oberstabsarzt zingwe za paphewa zinali zolukidwa, osati zogona mowongoka. A ku Austria-Hungary ankavala nyenyezi pa kolala, imodzi, ziwiri, zitatu, monga mmene ife timawerengera.

Polemba nkhani yanu, siyani udindowo m'Chijeremani ndipo pamene mwautchula koyamba fotokozani kufanana kwake, mwachitsanzo "Assistenzarzt, dokotala wa udindo wofanana ndi sekondi lefutenanti". Lembaninso chaka cha chikalatacho. Madokotala ankakwezedwa, makamaka pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, kotero dzina limodzi likhoza kupezeka ndi maudindo awiri kapena atatu. Musanaganize kuti ndi anthu osiyana, fananitsani dzina loyamba, malo amene ankagwirako ntchito ndi zaka, ndipo onani ngati maudindowo akukwera motsatana ndi makwerero a gulu lakelo.