Kupempherera asilikali opuma kumayambira pakhonde pawo

Novembala akafika timaona akuluakulu pa TV atabaya kaduwa kofiira pachifuwa, nkhata za maluwa zikuikidwa pa chipilala cha ku Zomba kapena cha ku Area 18 ku Lilongwe, lipenga likulira, anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri nthawi ya 11 koloko pokumbukira kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaleka pa 11 Novembala 1918. Zabwino ndithu. Koma zikangotha basi timayiwala mpaka chaka chamawa, pomwe madala amene anavalapo yunifomu tili nawo mu tchalitchi momwemu, amakhala benchi ya kumbuyo kufupi ndi khomo, ndipo ambirife sitidziwa n'komwe kuti anapita kuti.

Ndiye ngati mphakati wanu, mlaga wanu kapena amayi a Mvano mukufuna kuchitapo kanthu, yambani ndi kufufuza kuti ndi ndani. Agogo a Keyala, King's African Rifles ija, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, amene anakafika ku Abyssinia (Ethiopia ya lero) ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri atsala owerengeka kwambiri, ena amasungidwa ku nyumba za asilikali okalamba kufupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba. Koma alipo ambiri amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, alipo anyamata ndi atsikana amene abwerako ku Congo, ena sanakwane n'komwe zaka 40. Funsani akulu ampingo, lembani mayina, ndipo akazi amasiye a asilikali alembeni pa pepala lomwelo, osati ngati zowonjezera.

Kenako pitani kwawo. Musawaitanire kutsogolo Lamulungu mwadzidzidzi kuti "bwerani mupereke umboni wa ku nkhondo", ayi, zimenezo ndinaziona zikuchitika ndipo bambo wake anangoima, kuyang'ana pansi, kuthokoza Mulungu kuti ali moyo, n'kubwerera pamalo, sabata zitatu zotsatira osabweranso. Pitani awiri kapena atatu, osati chigulu, mutanyamula kashuga, sopo, kaya ndi kathumba ka ufa, chifukwa Yakobo 2:15-16 anatidzudzula kale za kuuza munthu wanjala kuti apite mumtendere tili manja lende. Mukafika khalani pamkeka, perekani moni bwinobwino, "mwaswera bwanji bambo", chezani za mvula ndi mtengo wa feteleza ngati mmene mungachezere ndi wina aliyense.

Apa ndiye pamene ambiri timalakwitsa. Funso loti "munaphako anthu angati" musalifunse, olo mwanthabwala, ndipo ana amene mwapita nawo muwachenjezeretu panjira. Munthu akafuna kunena anena yekha, mwina ulendo wachitatu, mwina osanena mpaka kalekale ndipo palibe vuto. Anzake a Yobu aja anachita bwino masiku 7 oyamba pamene anangokhala naye pansi osayankhula kanthu, zinayamba kusokonekera atatsegula pakamwa. Kwathu kunali bambo ena opuma usilikali, ofatsa kwambiri, oyimba besi mu kwaya, koma usiku wa Nyuwere anyamata akayamba kuphulitsa makombola ankalowa m'nyumba n'kutseka mawindo onse, kukweza wailesi, thukuta lili kamukamu, mayi akunyumba kwawo atangokhala pambali kuwagwira dzanja. Ife tili ana tinkaseka, eti msilikali kuopa makombola. Pano ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Mukaona zoterezi, kulota maloto oipa, kusagona, kupsa mtima msanga, kumwa mowa mopyola, musathamangire kunena kuti ndi ziwanda kapena mizimu ya anthu amene anafa ku nkhondo. Pempherani nawo inde, koma alimbikitseninso kukaonana ndi achipatala oona za maganizo, ndipo ngati akuvomera aperekezeni. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Mawu a pemphero lenilenilo akhale afupi komanso olunjika, mwina chonchi: Ambuye, mukudziwa zimene maso a bambo athuwa anaona zimene ife sitikuzidziwa, apatseni tulo usiku uno, chiritsani bondo likuwavutali, kumbukirani anzawo amene sanabwerere, ndipo ife mutiphunzitse kuwasamala. Basi. Afunseni kaye kuti tipempherere chiyani, mudzadabwa, ena angonena za fizi ya mdzukulu kapena penshoni imene ikuchedwa.

Pali ena amene chimawadya mumtima ndi funso loti kodi Mulungu angandikhululukire. Osawayankha mwachangu kuti "aa inali ntchito basi", chifukwa iwo akudziwa kulemera kwake kuposa inu. Baibulo silibisa kuti magazi ndi nkhani yaikulu, Davide yemwe anakanizidwa kumanga kachisi chifukwa chokhetsa magazi ambiri, onani 1 Mbiri 22:8, koma Mulungu sanamutaye. Asilikali atapita kwa Yohane Mbatizi pa Luka 3:14 sanawathamangitse, anawauza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Yesu anayamikira chikhulupiriro cha kenturiyo, ndipo Korneliyo wa pa Machitidwe 10 anali mkulu wa asilikali. Nkhani zotere ngati zakula aitanireni abusa kapena ansembe, nawonso a Malawi Defence Force ali ndi abusa awo amene amazidziwa bwino zimenezi kuposa ife.

Tsiku la mapemphero mu tchalitchi likafika, Lamulungu lachiwiri la Novembala ndiye loyenera, konzani zinthu mosakokomeza. Apempheni pasadakhale ngati angakonde kuvala mamendulo awo, ena amanyadira, ena anawatsekera mu sutikesi ndipo safuna kuwaona. Werengani mayina a omwalira pang'onopang'ono, khalani chete mphindi ziwiri zenizeni osayika kiyibodi pansi pake. Ine ndimakonda kuti pawerengedwe 1 Samueli 30:24 pamene Davide analamula kuti wotsala kulondera katundu alandire gawo lofanana ndi wopita kukamenya nkhondo, chifukwa pa nkhondo yoyamba ija, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, anthu pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukhala a tengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafa ndi matenda ndi njala m'njira opanda mendulo olo imodzi. Mwina agogo a agogo anu anali m'gulumo. Atchuleni nawonso.

Ndipo wolalikira asasandutse guwa kukhala bwalo la perete. Kulemekeza msilikali si kutamanda nkhondo. John Chilembwe, m'busa, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosakhala yawo n'kusiya amasiye, ndiye mpingo wa kuno unayamba kalekale kufunsa mafunso amenewa. Pemphererani mtendere wa pa Yesaya 2:4, malupanga kusulidwa kukhala makasu, pemphererani anthu wamba a ku Beni ndi ku Goma ku Congo, ndi adani omwe, olo pakhosi pakuwawa. Mukafuna chitsanzo cha Yohane 15:13, za munthu kutaya moyo wake chifukwa cha abwenzi ake, simukusowa kupita kutali, msilikali wa kwathu kuno Private Chancy Chitete anaphedwa kufupi ndi Beni mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, mnzakeyo anachira, ndipo United Nations inapatsa Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019 atamwalira kale. Pa nkhondo yomweyo tinataya asilikali 6.

Kumbukiraninso kuti ambiri a Keyala anali Asilamu, makamaka a ku Mangochi ndi Machinga, ndiye ngati neba wanu wopuma usilikali amapita ku mzikiti kamuoneni chimodzimodzi, shuga yemweyo, ulemu womwewo, osapita ndi cholinga chokamukopa.

Pa pepala la mayina lija, pambali pa dzina lililonse lembani munthu mmodzi wa mu mpingo amene azipitako mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo wotsatira muuyike mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zapepuka, denga likudontha, ndipo maluwa a pa chipilala aja anafota kalekale.