Zoyenera kuchita rating ya chesi ya pa intaneti ikatsika ndipo mtima wosewera watha

Aliyense amene wasewera chesi pa foni kwa miyezi ingapo amaidziwa sabata imene zonse zimakana. Ine inandipeza mu Okutobala, nthawi imene kutentha kwa kuno ku Mangochi sikulola munthu kugona msanga. Ndinkakhala pakhonde mpaka pakati pa usiku ndikusewera magemu a mphindi zitatu pa Lichess, webusaiti yosewererapo chesi, ndipo m'masiku anayi rating yanga, nambala yosonyeza mphamvu za wosewera, inatsika kuchoka pa 1640 kufika pa 1490. Tsiku lachisanu ndinatsegula foni, ndinayang'ana nambalayo, n'kutsekanso osasewera, ndipo kwa masabata awiri sindinafune n'komwe kuona bolodi. Zinandipweteka kwambiri chifukwa mapointi amenewo ndinawasonkhanitsa kwa miyezi isanu.

Poyamba muyenera kumvetsa chimene nambalayo imayeza. Njira yowerengera mphamvu za osewera inakonzedwa ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary, ndipo bungwe loyendetsa chesi pa dziko lonse la FIDE linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Lichess ndi Chess.com amagwiritsa ntchito njira ya Glicko ya Mark Glickman, imene inamangidwa pa maziko omwewo. Malinga ndi masamu a Elo, munthu amene akukuposani ndi 200 amayembekezeka kutenga mapointi pafupifupi 76 pa magemu 100 alionse (kupambana ndi pointi imodzi, kufanana mphamvu ndi theka), kutanthauza kuti ngakhale wofooka amakhala ndi gawo lake. Komanso kompyuta imakusankhirani adani amene nambala yawo ili pafupi ndi yanu, choncho kaya mukule bwanji, mudzapitirizabe kugonja pafupifupi theka la magemu anu. Pakati pa anthu ofanana mphamvu, mwayi woti mugonje magemu asanu otsatizana ndi 1 mwa 32, ndipo kwa munthu amene amasewera magemu 100 pa sabata, zimenezi n'zoyembekezeka ngati mvula ya mu Januwale. Ngakhale akatswiri amatsika: Ding Liren wa ku China anafika pa 2816 mu 2018, koma pamene ankateteza ukatswiri wa dziko lonse kwa Gukesh ku Singapore kumapeto kwa 2024, anali pa 2728.

Chimene chimasandutsa kutsika kwa mapointi 40 kukhala 150 ndi mtima wofuna kubweza nthawi yomweyo. Mukagonja, magazi amatentha, chala chimathamangira kuyamba gemu ina, ndipo mumasewera mwaukali mukuganizirabe kavalo amene mwataya m'gemu yapitayo. Dziikireni lamulo musanayambe kusewera, pamene mutu uli woziziritsa: mukagonja kawiri motsatizana, foni muike pansi mpaka mawa. Asodzi a ku Malindi kapena ku Makanjira sakankha bwato pamene mwera wakwiya, ngakhale kunyumba kulibe ndiwo. Amakhala kumtunda n'kumasoka maukonde. Lamuloli limavuta kusunga tsiku loyamba, ndipo ine ndinafika popereka foni kwa mkazi wanga kuti andisungire.

Kenaka yang'anani nthawi ndi malo amene mukusewerera. Kuno netiweki imagwa madzulo, ndipo magetsi akazima foni imatha moto gemu ili pakati. M'gemu ya mphindi imodzi kapena zitatu, masekondi khumi amene mwataya foni ikufunafuna netiweki ndi okwanira kukugonjetsani ngakhale mwadya kale mfumukazi ya mdani. Sankhani magemu amene amawonjezera masekondi pa kusuntha kulikonse, monga 10+5 (mphindi khumi, kuwonjezera masekondi asanu pa kusuntha kulikonse) kapena 15+10, ndipo sewerani m'mawa mutapuma bwino. Mtundu uliwonse wa nthawi uli ndi rating yakeyake, choncho mukasamukira ku rapid (magemu otalikirapo ngati amenewa), nambala ya blitz (magemu othamanga a mphindi zochepa) imene ikukuwawitsani mtima imayamba yapuma. Pa Lichess palinso Zen mode, imene imabisa nambala yanu ndi ya mdani pamene mukusewera. Iyatseni, chifukwa munthu akaona mdani wa nambala yaikulu amachita mantha, akaona wa nambala yochepa amapeputsa.

Ntchito yeniyeni, imene ambiri timaithawa chifukwa imachititsa manyazi, ndiyo kubwerera ku magemu amene tagonja. Tengani kope ndi cholembera, tsegulani magemu khumi omaliza amene munagonja, ndipo pa gemu iliyonse fufuzani nokha malo amene zinthu zinayamba kupotoka musanafunse kompyuta. Mukatero, yatsani Stockfish, pulogalamu younika magemu imene pa Lichess ndi yaulere, kuti muone ngati munalondola. Lembani chifukwa cha kugonjako m'mawu ochepa. Ine nditachita zimenezi, ndinapeza kuti pa magemu khumi, asanu ndi imodzi ndinasiya chida chopanda mlonda nthawi itandithera, awiri inali netiweki, ndipo awiri okha ndi amene mdani anandiposadi nzeru. Ndinali nditatsala pang'ono kusiya Italian Game, njira yoyambira gemu imene ndaisewera zaka zitatu poganiza kuti ndiyo inkandigwetsa, chikhalirecho vuto linali tulo ndi kupupuluma. Mukadziwa vuto lanu, liphunzireni lokhalo kwa sabata imodzi: ngati ndi kusiya zida poyera, chitani mapazo (mafunso a pa bolodi ofuna kupeza kusuntha koyenera) asanu patsiku modekha, ndipo m'gemu dzifunseni musanasunthe kuti mdani akufuna kudya chiyani.

Musatsegule akaunti yatsopano pofuna kuthawa nambala yotsikayo. Pakapita magemu angapo idzakubwezerani pamene munali, ndipo mudzakhala mutataya mbiri ya magemu anu, imene ndiyo mphunzitsi wanu.

Ngati mtima wosewera watheratu, musaukakamize. Pumani sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pobwerera muyambire kumene kulibe nambala. Pezani bolodi lenileni ndi munthu wokhala naye maso ndi maso, monga mmene akuluakulu amakhalira pa bawo pansi pa mtengo wa mango, kumene wogonja amasekedwa pang'ono, njere n'kuikidwanso m'maenje. Ine ndinayamba kuphunzitsa mwana wa mchemwali wanga wa zaka khumi mmene kavalo amadumphira, ndipo tsiku limene anaopseza mfumu ndi mfumukazi yanga nthawi imodzi n'kukuwa kuti "Malume, ndakugwirani!", ndinamvanso chilakolako chosewera. Mukabwerera pa intaneti, yambani ndi magemu a casual amene sasintha rating. Dziwaninso kuti pa Glicko munthu akakhala nthawi yaitali osasewera, magemu oyamba amasintha nambala kwambiri kuposa masiku onse, kaya kukwera kaya kutsika, choncho tsiku loyamba sewerani magemu awiri okha a 15+10, muwalembe m'kope, ndipo mutseke foni.