Kuzindikira pulopela yakale yamatabwa ya ndege ndi mtengo wake

Yambani ndi pakati, pomwe pali mabowo a mabawuti, chifukwa opanga ankadinda manambala pamenepo. Pukutani fumbi ndi nsalu youma, muunike ndi tochi cham'mbali kuti zilembo zofufutika zioneke. Chilembo D chimanena utali wa pulopela, P chimanena mtunda womwe ingapite patsogolo ikazungulira kamodzi. Pa mapulopela opangidwa ndi kampani ya Sensenich, 72CK42 ikutanthauza mainchesi 72 utali ndi 42 mtunda umenewu. Yotereyi inkaikidwa pa ndege yaing'ono yotchedwa Piper J-3 Cub. Nthawi zina dzina la injini limakhalaponso, monga Le Rhône kapena Hispano-Suiza.

Kenaka yezani kuchokera kunsonga kufika kunsonga. Za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zambiri zimapitirira mamita 2.4, mabowo ake nthawi zambiri 8, matabwa ake mahogany kapena walnut omata m'magawo. Za pambuyo pake n'zazifupi, zoyererako, mabowo 6, ndipo n'zotsikirapo mtengo poti zilipo zambiri.

Chonde musapale vanishi kapena kuchotsa chizindikiro cha kampani! Ogula amafuna khungu loyambirira, ngakhale lothetheka. Nsonga zodulidwa, matabwa omatuka ndi bowo lokuzidwa kuti mulowe wotchi zimagwetsanso mtengo kwambiri.