Momwe mungamangire kalasi yofunda koma yopita mphepo ku Harare

Amene munaperekezapo mwana kusukulu m'mawa wa Julayi ku Mufakose kapena ku Mabvuku mukuchidziwa chisanu cha kuno. Harare ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500, ndiye m'mawa zala zimachita kukanika kugwira pensulo. Aphunzitsi amatseka mawindo onse, pomwe galasi linasweka n'kutsekapo katoni. Ikamakwana 10 koloko ana ayamba kuwodzera, ndipo chimfine cha mmodzi chayendera benchi yonse. Ngati muli m'komiti ya sukulu ndipo mukufuna kumanga buloko yatsopano, tsatani izi.

Choyamba, musanakumbe maziko, onani kayendedwe ka dzuwa. Mu Juni ndi Julayi limadutsa chakumpoto, motsika, choncho khoma lalitali lokhala ndi mawindo aakulu liyang'ane kumpoto. Dzuwa lidzalowa n'kufunditsa simenti ya pansi popanda kulipira kanthu. Denga lituluke ngati kakhonde, kuti mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa lili paliwombo, mawindowo akhale pamthunzi. Khoma la kumadzulo musaikeko windo lalikulu. Dzuwa la masana lidzawotcha ana ngati mbatata.

Chachiwiri, mawindo akhale mbali zonse ziwiri, moyang'anizana. Akumwera achepeko, poti mphepo yozizira, ija kwathu timati mwera, imachokera chakumeneko. Pamwamba pa windo lililonse pakhale kena kakang'ono kotseguka pakokha, kapena njerwa zoboola. Mpweya umene ana apuma ndi wofunda, umakwera, ndipo umatulukira pamenepo mphepo osawaomba m'khosi.

Chachitatu, ikani siling'i kunsi kwa malata. Apa m'pomwe makomiti ambiri amaumira, kuti ndalama zatha. Malata okhaokha amataya kutentha konse m'chisanu, m'chilimwe n'kusanduka uvuni, mvula ikagwa mphunzitsi osamvekanso.

Mbaula m'kalasi ayi, chonde. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umayamba ndi litsipa ndi chizungulire, kenako kukomola ngakhale kupha. Hita yamagetsi nayo musaidalire, magetsi amazimazima.

Nanga kalasi yomangidwa kale? Bwezeretsani magalasi osweka, timawindo tapamwamba tizikhala totsegula tsiku lonse, ndipo ana akatuluka pa buleki tsegulani chitseko ndi mawindo onse mpaka belu lilire. Wokhala pafupi ndi windo muloleni avale juzi ndi chipewa.