Momwe mungaikire tchati cha heat map mu pulogalamu ya pa intaneti pogwiritsa ntchito ECharts

Heat map ndi tchati cha timabokosi tambiri, ndipo mtundu wa kabokosi kalikonse umasonyeza kukula kwa nambala: pomwe zinthu zachuluka pamafiira kwambiri, pomwe zachepa pamayererako. Ine ndinapanga tchati chotere mu pulogalamu ya sitolo ina yolandira maoda pa intaneti, mwini wake atafuna kudziwa tsiku ndi ola lomwe makasitomala amachuluka kuti azigawa bwino ntchito kwa anthu ake. Masiku 7 a sabata ndi maola 24 a tsiku amapereka timabokosi 168, ndipo munthu akangoponyapo maso amaona zomwe zikanamutengera nthawi yaitali pa tebulo la manambala. Pulogalamuyo inalembedwa ndi React, chida cha JavaScript chopangira masamba a pa intaneti, ndipo deta imasungidwa mu PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta.

Choyamba, sankhani laibulale yojambulira tchati, kutanthauza zida zolembedwa kale zomwe mumangolowetsa mu pulogalamu yanu. Ine ndinasankha ECharts, yomwe inayambira ku kampani ya Baidu ndipo mu 2018 inaperekedwa ku Apache Software Foundation. Ndi yaulere, ngakhale pa ntchito za malonda. Highcharts nayo ndi yabwino, koma laisensi yake ya bizinesi ndi yolipira m'ndalama zakunja, zomwe kwa ambiri a ife nzovuta kupeza. Chenjerani ndi masamba omwe amagulitsa malaibulale olipira pa mtengo wozizira, chifukwa kawirikawiri amakhala obedwa, ndipo simungadziwe zomwe anthuwo abisamo. Tengani zonse kudzera pa npm, chida chotengera malaibulale a JavaScript, polemba npm install echarts.

Chachiwiri, musalowetse laibulale yonse mu tsamba lanu. Yathunthu imalemera pafupifupi megabayiti imodzi, ndipo munthu amene akutsegula tsambalo pa foni ndi bandulo yochepa ndiye amalipira kulemerako. Kuchokera mu echarts/core, echarts/charts, echarts/components ndi echarts/renderers, tengani zokhazo zomwe mukufuna, zomwe ndi HeatmapChart, GridComponent, TooltipComponent, VisualMapComponent ndi CanvasRenderer, kenako muzilembetse ndi echarts.use. Pangani div (bokosi la pa tsamba) yomwe tchati chikhalemo, muigwire ndi useRef ya React, ndipo muipatse kutalika kodziwika, mwachitsanzo mapikiselo 400, chifukwa div yopanda kutalika imasiya tsamba lopanda kanthu ngakhale zina zonse zili bwino.

Chachitatu ndi kukonza deta, ndipo apa mpamene ndikupemphani kuti mudekhe, pakuti ine ndinalakwitsa pomwepa. ECharts imafuna kuti kabokosi kalikonse kabwere ngati manambala atatu otsatana: malo ake chopingasa, malo ake chotsika, ndi kuchuluka kwake. Kwa ine amenewa anali ola, tsiku ndi chiwerengero cha maoda. Ndinawerengetsa maodawo mu PostgreSQL pa ola lililonse, tchati chinatuluka chokongola, ndipo ndinachionetsa kwa mwini sitolo pa foni yake. Iye anayang'ana mzere wofiira womwe unali pa 10 koloko m'mawa, napukusa mutu, n'kundiuza kuti nthawi imeneyo antchito ake amakhala akungolongedza katundu, ndipo mafoni amayamba kulira kwambiri 12 koloko ikakwana. Ndinatha masiku awiri ndikukayikira ECharts, ndikusinthanitsa manambala atatu aja, koma vuto silinali m'tchati.

Seva inkasunga nthawi ya UTC, yomwe ndi muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi, pomwe nthawi ya ku Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. Oda iliyonse inkagwera m'kabokosi ka maola awiri m'mbuyo. Choipitsitsa chinali chakuti oda yobwera 1 koloko m'bandakucha wa Lolemba inkawerengedwa ngati ya 11 koloko usiku wa Lamulungu, kotero kuti ndi tsiku lomwe linkasokonekera. Cholakwika chotere n'choopsa chifukwa palibe uthenga uliwonse wochenjeza womwe umatuluka, ndipo sitoloyo ikanasintha nthawi ya antchito potsatira chithunzi chabodza.

Kukonza kwake n'kusintha nthawi musanayambe kuwerengetsa. Ngati nthawi yanu inasungidwa mu PostgreSQL ngati timestamptz, yambani kulemba dzina la gawo la nthawiyo n'kutsatiza AT TIME ZONE 'Africa/Blantyre', kenako mutulutse ola ndi EXTRACT. Ngati inasungidwa ngati timestamp wamba koma ili ya UTC, yambani ndi AT TIME ZONE 'UTC' kenako muwonjezere ya Blantyre, chifukwa mukalemba imodzi yokha nthawi imasunthira mbali yolakwika. Pa tsiku la sabata gwiritsani ntchito ISODOW, yomwe imapatsa Lolemba 1 ndi Lamulungu 7, ndipo muchotsepo 1 popeza tchati chimayamba kuwerenga pa 0. Musasakanize ndi DOW kapena getDay ya JavaScript, zomwe zimayambira pa Lamulungu. Mukatero, tengani oda imodzi yomwe mukuidziwa bwino nthawi yake, muilondole mpaka muipeze m'kabokosi koyenera. Maola omwe sikunabwere oda GROUP BY, lamulo loika maoda m'magulu powerengetsa, siwatulutsa, choncho muwadzaze nokha ndi 0 kuti timabokosi tonse 168 tioneke.

Chachinayi, mkati mwa useEffect, gawo la React lomwe limayenda tsamba likaoneka, itanani echarts.init pa div ija, kenako setOption. Onse awiri xAxis ndi yAxis akhale a mtundu wa category, wina wa maola, wina wa masiku, ndipo series ikhale ya mtundu wa heatmap. Musaiwale visualMap, popeza ndi imene imasandutsa manambala kukhala mitundu, ndipo max yake ichokere pa nambala yaikulu mu deta yanu. Ndimakonda mtundu umodzi wochokera koyererako mpaka kofiira kwambiri, chifukwa pali anthu ambiri omwe maso awo sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira.

Zotsalazo nzachidule. Itanani resize pamene zenera lasintha kukula, ndipo itanani dispose pamene tsamba likutsekedwa, chifukwa StrictMode ya React 18, yomwe imathandiza kupeza zolakwika, imayendetsa useEffect kawiri pa nthawi yolemba pulogalamu ndipo ECharts imachenjeza kuti pamalopo pali kale tchati. Pa foni maola 24 amapanikizana, choncho sonyezani dzina la ola lachitatu lililonse poika interval ya axisLabel pa 2, ndipo muyese tsambalo pa foni yeniyeni musanalipereke kwa eni ake.