Zoyenera kuchita ngati muli ndi pacemaker ndipo mukuyembekezera opaleshoni

Kukhala ndi pacemaker, kachipangizo kamagetsi koikidwa m'chifuwa kothandiza mtima kugunda bwino, sikuletsa munthu kuchitidwa opaleshoni. Choopsa n'chakuti madokotala akuyambeni osadziwa kuti kachipangizoka kali m'chifuwa mwanu.

Choyamba, nenani msanga. Tsiku lomwelo lomwe mwauzidwa za opaleshoni, dziwitsani dokotala wa opaleshoniyo komanso wopereka mankhwala ogonetsa, ngakhale opaleshoniyo ikhale ya mwendo. Awonetseni khadi lomwe munalandira poikidwa pacemaker. Khadilo limatchula kampani yomwe inaipanga, kaya Medtronic, Abbott, Boston Scientific kapena Biotronik, ndipo kampani iliyonse ili ndi makina akeake oipimira.

Chachiwiri, kaipimitseni. Ngati padutsa miyezi 12 isanapimidwe, kapena miyezi 6 kwa amene ali ndi ICD, kachipangizo komwe kamaomba mtima ndi magetsi ukasokonekera, pitani kwa dokotala wa mtima. Iye aona mphamvu ya batire, komanso ngati mtima wanu umadalira kachipangizoka kotheratu.

Apa ndipo pagona nkhani. Pa opaleshoni, madokotala amadula ndi kutseka timitsempha ta magazi ndi chipangizo chamagetsi chotchedwa diathermy. Magetsi akewo amatha kunamiza pacemaker: imayesa kuti mtima ukugunda wokha, n'kusiya kugwira ntchito. Kwa munthu wodalira pacemaker kotheratu, masekondi ochepa amenewo ndi oopsa. ICD nayo ikhoza kuomba mtima popanda chifukwa. Ngoziyi imakula opaleshoni ikakhala kumtunda kwa mchombo.

Choncho funsani, musachite manyazi, thupi ndi lanu. Kodi angagwiritse ntchito diathermy ya mtundu wa bipolar, yomwe magetsi ake sayendayenda m'thupi? Ngati ayi, chigamba chomwe amamata pakhungu chobwezera magetsi ku makina achimate poti magetsiwo asadutse pa pacemaker, ndipo aziyatsa diathermy modukizadukiza, osapitirira masekondi 5 nthawi iliyonse. Nthawi zina amayamba asintha kagwiridwe ka pacemaker ndi kompyuta, kapena kuika maginito pamwamba pake. Zamaginitozi musaziyesere nokha.

Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, musawasiye mwa inu nokha. Dokotala ndiye akuuzeni tsiku.

Opaleshoni ikatha, musatuluke m'chipatala musanatsimikize kuti zomwe anasintha azibwezeretsa, makamaka ngati ICD inazimitsidwa. Mukafika kunyumba n'kumamva chizungulire, phuma, kapena kukomoka, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.